Chitseko Chakumbuyo cha a Pimakaye

Anamfedwa, achibale, aphunzitsi, anzawo a malemu a m'bungwe la eni mabizinesi, ndi nonse amene mwatseka mashopu anu lero kuti mudzatipepese, banja landituma ine mlamu wawo kuti ndiwerenge mbiri ya bambo agona patsogolo pathupa. Ndisanatchule tsiku lobadwa, banja lati ndiyambe ndi funso. Analifunsa ndi mwana wawo wamzime ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, tsiku limene sukulu inkapereka mphoto kwa ana okhoza bwino. Bambo ake anali atangotsika pansanja pomwe ankagwira chanza opambana. Mwanayo anawakoka jekete n'kunena kuti, "Adadi, awa akhozawa mwati apita ku koleji ndi kuntchito. Nanga olephera aja amapita kuti?" Malemu anaseka, anamusisita kumutu, n'kumuuza kuti ayang'ane kutsogolo chifukwa mwambo sunathe. Koma funsolo silinawasiye, ndipo mbiri iyi singamveke popanda ilo.

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1953, ali mwana wachitatu m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Bambo awo anali mlonda pa depoti ya mabasi, ndipo mayi awo ankachapa ndi kusita zovala m'nyumba za anthu. Anakulira m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa depotiyo, kumene mwana ankadzuka ndi kulira kwa injini asanamve mawu a mayi ake. Sukulu anaiyamba mu 1960. Masamu ankawakhoza osavutikira, koma mu 1967 maso a bambo awo anachita khungu, ntchito ya ulonda inatha, ndipo malemu anasiyira sukulu panjira kuti athandize pakhomo.

Chaka chomwecho analembedwa ntchito yosesa mushopu yokonza zipangizo zamagetsi. Ankasesa uku maso ali pa manja a amisiri, ndipo posakhalitsa anayamba kupatsidwa sipanala. Mu 1971 kunachitika chinthu chimene iwo ankachisimba mpaka ukalamba. Anapatsidwa mota ya firiji yaikulu ya m'butchala kuti ailumikize. Malangizo anali pomwepo, pa kachitsulo komatidwa pambali pake, koma iwo kuwerenga kunali kwa apo ndi apo, ndiye analumikiza mongoganizira. Motayo inapsa utsi uli tolo, ndipo nyama ya mwini butchala inawonongeka. Abwana awo sanawachotse ntchito. Anangowauza kuti, "Manja uli nawo, mwana iwe, koma manja osawerenga ndi moto." Mawu amenewo anawalowa mpaka m'mafupa.

Kuyambira 1972 mpaka 1976 malemu anaphunzira sukulu yamadzulo. Ankaweruka kuntchito, kusamba m'manja ndi sopo wochapira, n'kukakhala pa timadesiki ta ana a masana, mawondo akukana kulowa pansi pake. M'kalasimo munali madalaivala, alonda, osoka zovala, anthu a ndevu zawo akulimbana ndi tizigawo ta masamu. Munalinso mlongo wanga, amene masana ankagulitsa mushopu ya nsalu. Iye amati malemu anamufunsira pomubwezera rula imene sanaibwereke n'komwe. Anamanga banja pa 6 Okutobala 1979, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: wachisamba wamwamuna mu 1983, kenaka aakazi awiri.

Mu 1984 anatsegula shopu yawoyawo yokonza mafiriji, chipinda chimodzi pakati pa womata matayala ndi wojambula zithunzi. Ambiri a inu mumaidziwa mmene inadzakulira. Kutsogolo kuli kauntala ndi mpando wa makasitomala. Mkati muli benchi lalitali, mabotolo a gasi omangidwa ndi tcheni kukhoma, ndi mita yopimira magetsi imene inkakhala pa msomali wakewake. Mmisiri aliyense akati, "Bwana, vuto ndi kompuresa," iwo ankayankha mawu awiri okha: "Pima kaye." Ndiko kunachokera dzina loti a Pimakaye, limene linameza dzina lawo lenileni moti ena mwa inu mwalimva koyamba pa chidziwitso cha maliro ano.

Kumapeto kwa shopuyo kuli chipinda chimene amisiri anachitcha wodi. M'menemo ndimo munkagonekedwa mafiriji okanika, aja eni ake anawataya mtima. Malemu sankalola kuti firiji ipite kudzala isanagone mu wodi. Ankati chakana lero sichinafe, changosowa woleza nacho mtima. Ena ankagona m'menemo miyezi, iwo n'kumawabwerera akapeza mpata, mpaka tsiku lina mumve firiji ija yayamba kung'ung'udza. Kuseri kwa wodiyo kuli chitseko chachitsulo chotulukira ku kanjira kotayako zitsulo zakutha. Chitseko chimenecho muchisunge m'mutu, tichipezanso.

Ntchito itakula, malemu anayamba kulemba achinyamata omaliza sekondale. Apa ndi pomwe mtima wawo unayamba kuwawa. Mnyamata ankabwera ndi satifiketi yonyezimira, koma ukamupatsa tsamba limodzi la malangizo kuti awerenge akuuze zimene lanena, ankangoyang'ana kudenga. Malemu sankawaseka, chifukwa ankadziona okha mwa iwo. Mu 1995 mmodzi wa achinyamata amenewa anasokoneza mabotolo awiri a gasi chifukwa sanamve zolembedwa pa chizindikiro, ndipo anapsa dzanja lamanja mpaka zala ziwiri sizinapindikenso. Malemu anamutengera okha kuchipatala. Pobwerako anauza mayi akunyumba kuti amene wamuwotcha mwanayo si gasi, ndi onse amene anamulola kutuluka sukulu ndi pepala lonama.

Anayamba kuyenda khomo ndi khomo: kwa mwini galaja, kwa mwini famase, kwa osindikiza mabuku, kwa a hotela. Aliyense anali ndi nkhani yake yofanana ndi yawo. Mu 1996 anakhazikitsa bungwe la eni mabizinesi lothandiza maphunziro, ndipo malemu anasankhidwa kukhala wapampando. Chimene ankapempha sichinali chachilendo. Ankafuna mlingo umodzi womveka, woti mwana womaliza sekondale azitha kuwerenga tsamba limene sanalionepo n'kulifotokoza m'mawu ake, kusova samu n'kuonetsa njira imene wadzera, ndi kulemba lipoti lalifupi loti wina n'kulimva. Ankati mlingo umenewu ukhale womwewo kwa wopita ku koleji ndi wopita ku benchi, chifukwa botolo la gasi silifunsa ngati wolitsegulayo ali ndi digiri.

Sukulu zitavomera mlingowo, bungwe silinangowomba m'manja. Linagula mabuku ndi zipangizo za sayansi, linatumiza amisiri kukalankhula m'makalasi, ndipo linatsegula mashopu kuti ana okhoza bwino azidzaphunzira ntchito patchuthi. Makolo ena atakwiya poona ana awo akugwa mayeso atsopano a mlingowo, anali malemu amene ankaimirira m'misonkhano kuteteza ahedi, mpaka tsiku lina anabwera kunyumba malaya atang'ambika kolala. Ndipo mu 1998, mu holo ya sukulu, mamembala onse anakweza manja n'kulonjeza pamaso pa makolo kuti palibe mwa iwo adzalembe ntchito womaliza sukulu amene sanafike pa mlingowo. Manja asanatsike, malemu anawonjezera mawu awoawo, amene sanali pa zimene anagwirizana: "Ngakhale mwana wa m'nyumba mwathu." Anthu anawomba m'manja nthawi yaitali.

Tinene zoona, mlingowo unabala zipatso. Ana ochokera m'sukulu zimenezo anasiya kubwezedwa ku koleji chaka choyamba. Pakati panu pano pali anamwino, amisiri a magetsi, aphunzitsi ndi eni mashopu amene anadzera pamenepo, ndipo ena munabwera dzulo kudzatiuza kuti pakadapanda a Pimakaye bwenzi muli kwina. Zimenezo palibe angawalande malemu, ndipo banja likuzinyadira.

Koma panali munthu mmodzi amene sankawomba nawo m'manja, ndiye mayi oyandikana nawo nyumba kuyambira 1988, mphunzitsi wa masamu, amene tonse timangowatchula kuti Aneba. Awiriwa ankakangana pampanda pafupifupi m'mawa uliwonse, malemu akuthirira maluwa, Aneba akuyanika zovala. Malemu ankawatcha a Choko, iwo n'kumabweza kuti a Wapampando. Aneba sankadana ndi mlingowo, ankauphunzitsa ndi mtima wonse. Funso lawo linali limodzi. Ankati, "A Wapampando, firiji ikakana kuzizira mumaiponya kudzala?" Malemu ankati, "Ayi, imagona mu wodi." Iwo: "Nanga wodi ya ana ili kuti?" Malemu ankayankha kuti wodi ya ana ndi aphunzitsi, ndiyo ntchito imene amalandirira malipiro. Aneba ankati, "Bwerani mudzaone kalasi langa, ana akhala mpaka pakhomo. Inu firiji imodzi mumaizungulira amuna atatu." Malemu ankangoseka n'kunena kuti choko chawalowa m'mutu. Mayi akunyumba ankachita kuwaitana kawiri kuti madzi osamba akuzizira.

Tsopano ndafika pa gawo limene ena m'banja anati tilidumphe. Dzulo titakhala pansi, mwana wawo wachisamba, amene nkhaniyi ikumukhudza, anatiuza kuti, "Amalume, muwerenge zonse. Mukachotsapo za ine, mwachotsa theka la munthu." Ndiye ndiwerenga.

Mwanayu anakulira mushopu. Asanafike zaka khumi ankadziwa kale kumva ndi khutu kuti fani yayamba kudya mbali imodzi. Koma kuwerenga kunkamuvuta kuyambira ali wamng'ono. Ankawerenga mwapang'onopang'ono, ndipo akafika kumapeto kwa tsamba, zakumayambiriro zinali zitathawa. Bambo ake anali otanganidwa ndi misonkhano ya ana a eni, ndipo ankakhulupirira kuti mwana wa wapampando akhoza basi. Mu 2002 analemba mayeso. Masamu anakhoza, koma kuwerenga ndi kulemba anagwa. Anabwereza mu 2003, n'kugwanso pomwepo, pang'ono pokha.

Lolemba lotsatira anavala ovololo imene ankavala patchuthi n'kupita kushopu, poganiza kuti sukulu yakana koma ntchito ya bambo ake ilipo. Malemu anakumana naye pakhomo lakutsogolo, amisiri onse akuona. Sanakalipe. Anangomuuza kuti, "Ndinakweza dzanja pamaso pa anthu." Mwanayo anavula ovololo ija, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa kauntala. Anabwerera kunyumba ndi malaya amkati.

Anzawo a m'bungwe anabwera kudzawadandaulira. Mwini galaja, amene ali nafe pano, anawauza kuti, "Achimwene, mwana ndi wanu, shopu ndi yanu. Mulowetseni chakumbuyo, ndani adzalankhule?" Malemu anayankha kuti akalowetsa wawo chakumbuyo, mawa aliyense alowetsa wake, ndiye mlingowo udzatsala wa ana a alonda okha, amene bambo awo alibe chitseko choti awatsegulire. Mayi akunyumba analira, anasala kudya, anatuma ife alamu awo. Tinapita, tinalankhula, tinabwerako chimanjamanja. Ife sitinabwere pano kudzaweruza. Mawu a malemu anali ndi nzeru, ndipo aliyense amene anakhalapo mwana wa mlonda akudziwa chimene ankateteza. Chimene tikudandaula n'choti panali njira yachitatu, yosakhala kumulemba ntchito kapena kumubweza pakhomo, ndipo pa nthawiyo palibe anaiona, ngakhale ife.

Mwanayo anachoka chaka chisanathe. Anapita kutali, anayamba ndi kunyamula katundu m'madepoti, kenaka anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo lero amayendetsa mathiraki aakulu onyamula katundu wozizira. Anakwatira, ali ndi ana ake, ndipo sanapemphepo kanthu kwa munthu. Kunyumba ankabwera pa maukwati a alongo ake ndiponso mayi ake akadwala. Iye ndi bambo ake ankapatsana moni wa alendo, waulemu wonse, wopanda chilema. Kenaka malemu ankatuluka panja n'kumakazungulira galimoto ya mwanayo, kugogoda matayala, kusuzumira pansi pake, n'kubwera kudzauza mayi akunyumba kuti amuuze mwana wawo asinthe mafuta. Ovololo ija sanaitaye. Anaikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko chakumbuyo, ndipo mmisiri wina watsopano atafuna kuivala tsiku lina, anamva mawu amene sanawaiwale.

Mu 2012, tsiku lina masana, wotaya zinyalala sanabwere, ndipo malemu anatsegula okha chitseko chakumbuyo kuti akataye mapaipi akutha. Anali atatha zaka osatulukira kumeneko. Anapeza achinyamata atakhala mumthunzi wa khoma la shopu yawo, akusenda mawaya otayidwa kuti apeze kopa wokagulitsa. Mmodzi anaimirira mwaulemu n'kunena kuti, "Wawa a Wapampando. Munabwera kusukulu kwathu, munatiuza za mota munaiwotcha ija." Malemu anamufunsa chimene ankachita pamenepo. Iye anati, "Ndinagwa, bwana. Ndiye kulikonse amati pepala." Analankhula mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula. Malemu analowa, anakhala pa mpando wa makasitomala ndi mapaipi aja m'manja. Tsiku lomwelo anaimbira mwana wawo wamzime, amene pa nthawiyo anali ku koleji, n'kumuuza kuti, "Funso lako lija ndalipezera yankho. Amapita kuseri kwa shopu yanga." Mwanayo anali ataiwala kuti anafunsapo funso lotere. Iwo anali asanaiwale.

Pa msonkhano wa bungwe wa mu 2013 anaimirira n'kunena kuti ntchito anaigwira theka. Anati iwo, munthu wodya za kukonza zokanika, anathandiza kugula chopimira n'kuiwala benchi lokonzera. Sanapemphe kuti mlingo utsitsidwe, ndipo mpaka imfa yawo sanalole kumva zimenezo. Lonjezo la mu holo lija analisunga. Chimene anapempha n'choti bizinesi iliyonse izitsegula Loweruka kwa ana amene agwa, aziwathandiza mpaka akalembenso. Ena anavomera ndi pakamwa pokha. Ena ananong'onezana kuti a Pimakaye akalamba, mtima wafewa. Mabizinesi ochepa okha ndi amene anayesa, ndipo tikuwathokoza.

Malemu sanadikire. Anapita pampanda n'kuitana Aneba, amene anali atangopuma ntchito. Aneba amati malemu anatha nthawi akukamba za mbozi zimene zinkadya maluwa awo, kenaka mwadzidzidzi anati, "A Choko, wodi ija ndaipeza. Koma ilibe dokotala." Iwo anayankha kuti, "Zaka zonsezi, a Wapampando, mpanda womwewu. Mukanabwereka makutu kwa womata matayala." Loweruka lotsatira mafiriji a mu wodi anakankhidwira kukhoma, pakati anaikapo matebulo awiri, ndipo chitseko chakumbuyo chinatsegulidwa n'kuchigwiriza ndi njerwa.

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse linali lotere. M'mawa Aneba ankaphunzitsa kuwerenga ndi masamu, ndipo buku lawo linali malangizo a mafiriji omwewo. Mwana ankawerenga ndime, n'kutseka tsamba, n'kufotokoza. Akalephera ankayambiranso, popanda womuseka. Masana malemu ankawatengera pa benchi kuti achite ndi manja zimene awerenga zija. Wolowa sankafunsidwa kuti anagwa kangati. Ambiri analembanso n'kukhoza, ena ali ku koleji, ena ali m'mashopu a mamembala a bungwe, ndipo mnyamata wosenda mawaya uja ndiye akuyang'anira benchi la malemu lero. Ena analembanso n'kugwanso, ena anangosiya kubwera. Malemu ankawawerenga amenewo pamtima kuposa okhoza aja.

Koma kwa mwana wawo wachisamba uja sananene kanthu. Mayi akunyumba ankati, "Bambo, ana a eni mwawatsegulira, wanu bwanji?" Iwo ankati amuimbira mawa. Aneba ankawanyoza kuti munthu wosaopa magetsi akuopa foni. Ife tikuganiza kuti ankachita manyazi kuitanira bambo wa ana ake ku kalasi la Loweruka, ndiponso sankadziwa kuti mawu otere amayambira pati. Mu Febuluwale chaka chino anaimbadi. Mayi akunyumba anali pambali, akumvetsera. Malemu anapereka moni, anafunsa za ana, kenaka anakhosomola n'kufunsa kuti makina oziziritsa a thiraki ija akuyenda bwanji. Mwanayo anati amachedwa kugwira m'mawa. Basi, bambo ndi mwana anakamba za kompuresa mpaka foni inatentha, uyu akuti pima apa, uyu akuti ndapima kale. Anatsanzikana bwino. Ataika foni pansi, malemu anati, "Ali ndi khutu mwana uja." Mayi anati, "Nanga zija?" Iwo anati ulendo wina.

Malemu anayamba kuvutika ndi kuthamanga kwa magazi mu 2018. Mankhwala ankamwa, koma kupuma ankakana. Pa 3 Epulo 2024, m'mawa, anagwa pa benchi akuonetsa mmisiri polumikiza waya. Kuchipatala anatiuza kuti ndi sitiroko. Inagwira mbali yakumanja ndi kulankhula komwe. Mwana wawo anasiya thiraki m'manja mwa mnzake n'kubwera. Atalowa mu wodi, malemu anamuzindikira. Milomo inayenda, koma mawu sanatuluke. Ndi dzanja lamanzere anagwira mkono wa malaya a mwanayo, ndipo namwino akafuna kuwatembenuza ankachita kuwamasula zala chimodzichimodzi. Chimene ankafuna kunena ife sitikuchidziwa, ndipo sitiwaikira mawu m'kamwa. Mwanayo sanachoke pambali pa bedi. Ankawameta ndevu ndi kuwamwetsa madzi ndi supuni. Malemu anatisiya pa 11 Epulo 2024, dzuwa likutuluka, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri.

Asiya mayi akunyumba, amene akhala nawo m'banja kuyambira 1979. Asiya ana atatu: wachisamba, dalaivala, wachiwiri, wogwira ntchito mu famase, ndi wamzime uja, amene lero ndi mphunzitsi. Asiya zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mchemwali wawo mmodzi, amisiri a kushopu amene ankawatenga ngati ana, ndi ophunzira a Loweruka amene mwawaona atanyamula bokosi.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, atsogoleri a mapemphero, a bungwe la eni mabizinesi amene apereka magalimoto ndi mipando, ahedi ndi aphunzitsi amene abwera ndi ana asukulu, womata matayala amene anawanyamula tsiku anagwa lija, ndi amayi onse amene sanachoke kukhitchini chichitikireni zovutazi. Amene sitinakutchuleni musatione ngati osayamika, mitu yathu sikuyenda bwino. Alamu, a Pimakaye, mwagwira ntchito yanu, yotha ndi yotsala yomwe. Mzimu wanu uuse mumtendere.

Mbiri inayenera kuthera pamenepa, koma Aneba apempha kuti mawu otsiriza asakhale athu. Anawauza kale mayi akunyumba ndi ana onse atatu, ndipo banja lavomera kuti ndiwerenge.

Lamulungu lotsiriza malemu asanagwe, awiriwa anakumana pampanda monga mwa nthawi zonse. Malemu sanatenge chothirira maluwa tsiku limenelo. Anati, "A Choko, ndikatsogola ine, njerwa ija musaichotse pachitseko." Aneba anati, "Mutsogola bwanji, wamkulu ndine? Koma ndamva. Nanunso mundilonjeze kuti sabata ino isanathe mumuimbiranso mwana uja, ndipo za kompuresa ayi." Malemu analonjeza. Kenaka anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Akadzabwera ine kulibe, ovololo yake ili pa msomali. Kaya abwera kudzaphunzira, kaya kudzaphunzitsa ana pa benchi, kaya kudzangoima pakhomo, musamufunse pepala." Aneba anati, "Ine ndinayamba ndamufunsapo munthu pepala? Wofunsa munali inu." Malemu anaseka, anatambasula dzanja pamwamba pa mpanda, ndipo anagwirana chanza, koyamba chikhalireni moyandikana.

Mbali ya malemu ya lonjezolo yapita nawo. Ya Aneba ilipo. Maso awo ayamba kufooka ndipo sipanala sadziwa kuigwira, koma andituma ndinene pamaso pa nonse kuti Loweruka likubwerali adzapita okha kukatsegula chitseko chakumbuyo, adzachigwiriza ndi njerwa yomwe ija, ndipo sadzachitseka mpaka aliyense amene akuyenera kulowa atalowa.